Kukonzekera mayeso oyamba a akaunti uli kuchigwa cha Shire

Mwezi wathawu mtsikana wina wa ku Ngabu anandipeza ndi chibuku cha akaunti chomwe anabwereka kwa msuweni wake wa ku Blantyre. Anali atachiwerenga mpaka pakati, masamba onse ali mizeremizere ya bolopeni yofiira. Ndinamupatsa pepala loyera n'kumuuza kuti, "Achemwali, tandilemberani izi m'mabuku a golosale: mayi wina watenga matumba awiri a ufa pa ngongole." Anagwira bolopeni ija kwa nthawi, osalemba kanthu. Mutu wake umagwira bwino kwambiri. Vuto linali loti amawerenga akaunti ngati mmene tinkalowezera Histole ku sekondale, pomwe akaunti ili ngati kupalasa bwato pa Shire, munthu amaidziwira m'manja. Malangizo awa ndalembera iye ndi ena onse a ku Chikwawa ndi Nsanje omwe akufuna kukhoza mayeso oyamba a akaunti kuti koleji iwawerengere phunzirolo, asakalibwerezenso ndi kulipira fizi yake kawiri.

Musanagule buku, funsani ku koleji

Apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Mayeso oyamba a akaunti alipo amitundu ingapo, ndipo koleji iliyonse ili ndi lamulo lake pa mayeso omwe imavomera.

Kuno kwathu kuli mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri a akaunti m'Malawi, omwe amayambira pa satifiketi ya Financial Accounting n'kukwera kupita ku dipuloma ya Technician. Amalembedwa kawiri pa chaka, mu June ndi mu December. Kulinso ACCA, bungwe la akatswiri a akaunti la ku Britain, lomwe pepala lake la Financial Accounting limalembedwa pa kompyuta kwa maola 2, ndipo kuti ukhoze umafunika mamalikisi 50 pa 100. Amene akulinga ku koleji ya ku America amva za CLEP, mayeso a bungwe la College Board. Pepala lake la akaunti lili ndi mafunso pafupifupi 75 osankha yankho, mphindi 90, ndipo amachonga kuyambira 20 kulekeza 80. Makoleji ambiri kumeneko amapereka makirediti 3, kutanthauza kuti amuwerengera phunzirolo, kwa munthu amene wapeza 50, koma ena amafuna kuposa apo, ena salandira n'komwe. Malo olembera CLEP muwafufuze pa webusaiti ya College Board musanalipire chilichonse, muone ngati mungathe kukafikako.

Ndiye lemberani ofesi yolembetsa ophunzira ku koleji yomwe mukufuna. Funsani zinthu zitatu: mayeso ati amawalandira, pa mamalikisi angati, ndipo akuchotserani phunziro liti. Yankho likhale lolembedwa, kaya ndi imelo kaya kalata ya chidindo. Mphwanga wina anangouzidwa pakamwa pa windo kuti "zimenezo timalandira", atakhoza n'kubwerera anapeza munthu wina pa windo lomwelo akunena zosiyana. Chaka chonse chija anabwereza phunziro lomwe ankalidziwa kale. Zinandiwawa kwambiri, n'chifukwa chake nkhaniyi ndaiika poyamba.

Silabasi, mapepala akale, ndi kalendala ya kuchigwa

Mukadziwa mayeso anu, pezani silabasi yake ya chaka chino ndi mapepala a mayeso akale. Akopereni mu foni tsiku lomwe netiweki ili bwino, ndipo omwe mungathe kasindikizeni pa Nchalo, pa Dyeratu kapena pa boma. Buku limodzi ndi lokwanira. Mabuku atatu amangokusokonezani.

Munthu woyamba kumene, amene amagwiranso ntchito ina masana, apatule miyezi itatu kapena inayi, ola limodzi ndi theka tsiku lililonse. Kuwerenga maola 8 Loweruka lokha sikuthandiza ngati kugwira pang'ono tsiku ndi tsiku.

Posankha nthawi ganizirani nyengo yathu. Mukasankha December, kukonzekera kwanu kugwera mu October ndi November, pomwe kuno kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40 ndipo masana pepala limamata pa mkono ndi thukuta. Nthawi imeneyo dzukani 4 koloko m'mawa, kukadali kamphepo, mugwire ntchito mpaka dzuwa litatuluka. Mukasankha June, muyambira m'nyengo ya madzi. Tonse tikukumbukira January wa 2015, namondwe wa Ana mu January 2022 yemwe anawononganso damu la magetsi ku Kapichira, ndi Freddy mu March 2023. Makope anu azigona m'chidebe cha pulasitiki chotsekera, pamwamba, ndipo Lamlungu lililonse muzijambula masamba a sabatayo ndi foni. Nyali ya sola ikhalepo, musadalire magetsi. Ine ndikanasankha June, chifukwa miyezi iwiri yomaliza, April ndi May, mutu umagwira bwino kunja kukayamba kuzizirira.

Masabata atatu oyamba: debit ndi credit zilowe m'manja

Pano musathamange. Amene wapunthwa apa amatsimphina mpaka tsiku la mayeso.

Akaunti yonse yatsamira pa mfundo imodzi. Chilichonse chomwe bizinesi ili nacho chinachokera kwina: kapena kwa mwini wake, kapena kwa anthu omwe bizinesiyo ili nawo ngongole. M'mayeso amalemba kuti assets ndi ofanana ndi liabilities kuphatikiza equity. Assets ndiye katundu ndi ndalama za bizinesi, pamodzi ndi ngongole zomwe anthu sanakubwezereni. Liabilities ndi ngongole zomwe inu muyenera kubweza. Equity ndi gawo la mwini, mpamba wake ndi phindu lomwe sanalidye. Kalembedwe koika chinthu chimodzi mbali ziwiri si kachilendo: Luca Pacioli anakafotokoza m'buku lomwe linasindikizidwa ku Venice mu 1494, ndipo amalonda ankakagwiritsa kale ntchito iye asanalembe.

Chinthu chilichonse m'mabuku chimakhala ndi tsamba lake, lomwe timati akaunti yake. Debit ndi dzanja lamanzere la akauntiyo, credit ndi dzanja lamanja. Basi. Chotsani m'mutu zoti debit ndi zoipa, credit ndi zabwino. Katundu, ndalama zowonongedwa poyendetsa bizinesi, ndi zomwe mwini watapa kukagwiritsa ntchito kunyumba zimakwera ndi debit. Ngongole zomwe muyenera kubweza, mpamba, ndi ndalama zolowa pogulitsa zimakwera ndi credit. Chikamatsika, chimapita mbali inayo.

Chomwe chimasokoneza anthu ndi uthenga wa ku banki. Malipiro akalowa, foni imalira kuti akaunti yanu yalandira credit, ndiye munthu amaganiza kuti ndalama zikalowa ndi credit. Uthengawo ukuchokera m'mabuku a banki, ndipo kwa iwo ndalama zanu ndi ngongole yomwe ayenera kukubwezerani. M'mabuku anu, ndalama zomwezo ndi katundu wanu, choncho ndi debit.

Tsopano tengani kope, tilembe limodzi. Tiyerekeze mnyamata wa pa Bangula wayamba kabaza wa njinga yamoto. Manambalawa ndi ongophunzirira.

Waika mpamba wa K3,000,000. Debit Cash, credit Capital. Wagula njinga ya K2,400,000. Debit Motorcycle, credit Cash. Onani kuti chuma cha bizinesi sichinachepe, changosintha maonekedwe. Wabwereka K200,000 ku banki nkhonde. Debit Cash, credit Loan. Mwezi woyamba wanyamula anthu a K450,000, koma mwa izo K90,000 ndi za aphunzitsi omwe amawaperekeza kusukulu tsiku lililonse n'kumalipira pakutha pa mwezi, ndipo sanalipirebe. Debit Cash K360,000, debit Receivables K90,000, credit Revenue K450,000. Mafuta adya K180,000. Debit Fuel, credit Cash. Kenako kwagwa maliro kwa amalume ake, watapa K50,000 m'thumba la bizinesi. Debit Drawings, credit Cash. Ndalama ya maliroyo si yowonongera bizinesi ndipo siichepetsa phindu, imachepetsa gawo la mwini. Funso limeneli oyesa amalikonda.

Jambulani akaunti iliyonse ngati chilembo cha T, muike manambala mbali zake, muwonkhetse. M'thumba mutsala K930,000. Mukandandalika zotsala zonse pa pepala limodzi, lomwe ndi trial balance, mbali ya debit ipereka K3,650,000 ndipo ya credit iperekanso K3,650,000. Ngati sizikufanana, musayambirenso zonse. Pezani kusiyana kwake. Kukagawika ndi 9 popanda chotsala, mwina mwatembenuza manambala, mwalemba 450 m'malo mwa 540. Apo ayi kugaweni pakati, mufufuze nambala imeneyo, chifukwa mwina mwaiika mbali yolakwika. Dziwaninso kuti trial balance ikhoza kufanana mabuku ali olakwika, monga pomwe mwaiwaliratu kulemba chinthu mbali zonse ziwiri, kapena mwalemba ngongole ya munthu uyu pa dzina la wina.

Muzichita zotere tsiku lililonse, zinthu khumi patsiku. Musadikire za m'buku zokha. Khalani pa okala ya alamu anu madzulo amodzi, mulembe chilichonse chochitika: aoda sopo, agulitsa shuga, wina walipira pa Airtel Money, wina pa Mpamba, mwana watapa machesi kupita nawo kunyumba. Mtsikana wa ku Ngabu uja ndinamutuma kukalemba za bambo ake omwe amapikula mbuzi m'midzi n'kukagulitsa pa msika. Patatha masabata awiri dzanja lake linali likupita lokha kumanzere kapena kumanja, iye asanamalize n'kuganiza komwe.

Mwezi wotsatira: zokonza pakutha pa chaka

Mamalikisi ambiri ali apa, ndipo apa ndi pomwe akaunti imasiyana ndi kungowerenga ndalama za m'thumba. Lamulo lake ndi loti ndalama yolowa imalembedwa m'mwezi womwe ntchito yagwiridwa, ndipo yowonongedwa imalembedwa m'mwezi womwe chinthucho chagwiritsidwa ntchito, kaya ndalama yeniyeniyo yasuntha kaya ayi.

Bwererani kwa wa kabaza uja. Njinga ikutha tsiku ndi tsiku m'fumbi la msewu wa ku Marka, ngakhale palibe yemwe akumulipiritsa. Kutha kumeneko ndiye depreciation. Tinene kuti aiyendetsa zaka 4 n'kudzaigulitsa K480,000. Chotsani K480,000 pa K2,400,000, mutsala ndi K1,920,000. Gawani ndi 4, ndi K480,000 pa chaka, K40,000 pa mwezi. Njira imeneyi ndi straight line. Njira ina, reducing balance, imatenga peresenti ya mtengo wotsala: pa 25 peresenti chaka choyamba ndi K600,000, chachiwiri ndi 25 peresenti ya K1,800,000, yomwe ndi K450,000. Muziwerenga bwino tsiku lomwe katundu anagulidwa, chifukwa akagulidwa pakati pa chaka funso limafuna miyezi yokhayo.

Ngongole ya banki nkhonde ija yabala chiwongola dzanja cha K20,000 mwezi uno, ndipo sanalipire. Chilembedwebe, ngati ndalama yowonongedwa mbali imodzi ndi ngongole mbali inayo. Imeneyi ndi accrual. Mnzake wotembenuka ndi prepayment, monga lendi ya miyezi itatu yolipiriratu: mwezi umodzi wokha ndi womwe wadyedwa, iwiri inayo ikadali katundu wanu.

Ndiye phindu la mwezi ndi K450,000 kuchotsa mafuta K180,000, kutha kwa njinga K40,000 ndi chiwongola dzanja K20,000. Latsala K210,000. Pa balance sheet, pepala loika katundu mbali imodzi, ngongole ndi gawo la mwini mbali inayo, katundu ndi K930,000 ya m'thumba, K90,000 ya aphunzitsi, ndi njinga yomwe tsopano ili pa K2,360,000, zonse K3,380,000. Mbali inayo ngongole ndi K220,000, gawo la mwini ndi K3,000,000 kuphatikiza K210,000 kuchotsa K50,000, zomwe ndi K3,160,000. Kuwonkhetsa, K3,380,000. Tsiku loyamba lomwe mbali ziwirizi zidzafanane ndi dzanja lanu, popanda kusuzumira mayankho, mudzamva kukoma kwake mpaka mumtima.

Ngongole zosabwezedwa tonse timazidziwa, makamaka chaka cha madzi osefukira pomwe anthu omwe anatenga katundu amabalalika kupita m'misasa. Phunzirani kusiyanitsa kufufuta ngongole ya munthu mmodzi yomwe yatayikiratu ndi kupatula ndalama yoyerekeza ya ngongole zomwe mwina sizidzabwera.

Katundu wogulitsa naye ali ndi nkhani yake, makamaka masiku ano mitengo ikukwera mwezi ndi mwezi. Mayi wa pa Nchalo wapikula matumba 10 a mapira pa K20,000 limodzi, kenako ena 10 pa K26,000. Wagulitsa 12. Kodi matumba ogulitsidwawo anamudyera zingati? Pa FIFO timati oyamba kulowa ndiwo oyamba kutuluka: 10 a K20,000 ndi 2 a K26,000, zonse K252,000, ndipo otsala 8 ali pa K208,000. Pa weighted average thumba lililonse ndi K23,000, ogulitsidwa K276,000, otsala K184,000. Pa LIFO omaliza kulowa ndiwo oyamba kutuluka: K300,000, otsala K160,000. Mapira ndi omwewo, koma phindu likusintha malinga ndi njira. Chenjerani apa. Malamulo a akaunti a maiko ambiri otchedwa IFRS, omwe timatsata ku Malawi ndiponso m'mayeso a ICAM ndi ACCA, salola LIFO. Malamulo a ku America amailola, choncho wolemba CLEP ayenera kuidziwa bwino.

Zotsala, mwachangu

Bank reconciliation ndi kufananiza buku lanu ndi sitetimenti ya banki. Zomwe banki yadula inu osadziwa, monga ndalama ya sevisi kapena cheke chobwerera, zikonzedwe m'buku lanu. Macheke omwe munalemba koma sanakafike ku banki, ndi ndalama zomwe munasungitsa koma sizinaonekere, zikonzedwe kumbali ya sitetimenti.

Cash flow statement, yoonetsa ndalama zenizeni zomwe zalowa ndi kutuluka, ili ndi magawo atatu: za ntchito ya tsiku ndi tsiku, za kugula ndi kugulitsa katundu wokhalitsa, ndi za mpamba ndi ngongole. Wa kabaza uja phindu lake ndi K210,000, koma ntchito yamubweretsera m'manja K180,000 yokha. Mukatha kufotokozera mnzanu komwe kwapita kusiyanako, mutuwo mwaumva. Ma ratio, omwe ndi kugawa nambala imodzi ya m'mabuku ndi inzake poyeza mmene bizinesi ikuyendera, lowezani ochepa omwe ali mu silabasi yanu, ndipo pa iliyonse muzidzifunsa kuti ikumuuza chiyani munthu wofuna kubwereketsa ndalama. Silabasi ikakhala ndi za makampani, masheya ndi ma dividend (phindu logawira eni masheya), zipatseni sabata yakeyake, chifukwa zimenezi sitiziona pa msika wathu ndipo zimafuna kuzolowera.

Chingerezi cha mayeso

Mayeso onsewa ali m'Chingerezi, ndipo ena amalephera chifukwa cha mawu, masamu akuwadziwa. Masamba omaliza a kope lanu akhale a mawu okha, lililonse ndi tanthauzo lake m'Chichewa kapena m'Chisena, mmene inu mukulimvera. Mawu ngati accrued, outstanding, in arrears, in advance, overstated ndi understated amatembenuza yankho lonse. Mabuku akale amati debtors ndi creditors, atsopano amati receivables ndi payables. A ku America amati balance sheet ndi income statement, a IFRS amati statement of financial position ndi statement of profit or loss. Ndi zinthu zomwezo.

Pezani anzanu awiri kapena atatu, osapitirira apo. Muzikumana kamodzi pa sabata, aliyense abwere atayesa kale mafunso payekha, ndipo wina afotokozere anzake m'chinenero chathu. Gulu lalikulu la pa WhatsApp limangodya bandulo.

Masabata atatu omaliza: wotchi patebulo

Tsekani buku tsopano. Tengani pepala lakale, tcherani wotchi, foni ikhale kutali, mulembe lonse osadzuka. Pa CLEP funso limodzi lili ndi mphindi imodzi ndi masekondi 12, ndipo yankho lolakwika sakudulirani mamalikisi, choncho musasiye funso lopanda yankho. Kalikyuleta yake imakhala pa kompyuta pomwepo, ya masamu anayi okha. Pa ACCA muli ndi mphindi 120 pa mamalikisi 100. Pa mayeso olemba pamanja onetsani masitepe onse, chifukwa wochonga amapereka mamalikisi pa njira ngakhale nambala yomaliza yaphonya.

Mukachonga, funso lililonse lomwe mwalakwa lilowe m'kope lina, ndi chifukwa chake: sindinadziwe, ndinawerenga molakwika, kapena nthawi inandithera. Pakatha masiku atatu liyeseninso. Kope limeneli ndi lomwe mudzawerenge sabata yomaliza. Lembani mapepala athunthu osachepera anayi, ndipo musakhutire ndi 50 ya kunyumba, chifukwa m'chipinda cha mayeso mantha amadyako mamalikisi. Muzifuna 65 kapena kuposa.

Ngati mayeso anu ndi a pa kompyuta ndipo mwazolowera foni yokha, pemphani kwa mnzanu kapena lipirani maola angapo pa malo a intaneti kuti dzanja lizolowere mausi ndi kiyibodi.

Ulendo wokalemba

Onetsetsani msanga tsiku lotsekera kulembetsa, ndipo malisiti onse a ku banki muwasunge m'chidebe chija. Ngati mukalembera ku Blantyre, musanyamuke m'mawa wa tsiku la mayeso. Kuchokera ku Nsanje ndi makilomita pafupifupi 180, minibasi imaima pa Bangula, pa Ngabu, pa Nchalo kudikira anthu, kenako pali chitunda cha pa Thabwa pomwe lole imodzi ikafa pa kona msewu wonse umaima. A ku East Bank, nyengo ya mvula, onjezerani tsiku lina. Konzani pogona kwa wachibale ku Chilobwe, ku Zingwangwa kapena kwina kulikonse, mufike dzulo lake, ndipo madzulo omwewo mukaone chipata cha malo olembera kuti m'mawa musakafunse njira.

M'chikwama mukhale chiphaso cha unzika, kalata yokulolani kulemba, mabolopeni awiri akuda, pensulo, rula, ndi kalikyuleta yomwe mwakhala mukugwiritsa ntchito miyezi yonseyi, ngati mayeso anu amalola kubwera ndi yanu. Amene mukulemba mu June tengani juzi. Ku Blantyre mwezi umenewo kumagwa chiperoni, ndipo ife ozolowera kutentha kwa kuchigwa zala zimauma ndi kuzizira mpaka bolopeni kukanika kugwira bwino m'mphindi zoyamba.